Allion yanga ikuwapweteka amayi msana, ndisinthe chiyani kunsi kwake?

Zulu wa ku Kapata: Muli bwanji nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi vuto, ndipo ndikupempha amene amadziwa za kunsi kwa motoka andithandize. Ndili ndi Toyota Allion ya 2005, ija ya injini ya 1.5. Ndinaigula zaka zinayi zapitazo kwa munthu amene anaiitanitsa ku Japan. Injini ilibe vuto, sidya oyilo, sitentha. Vuto lili pa kayendedwe. Mwezi uliwonse ndimapita kumudzi cha ku Chadiza kukatenga amayi kuti adzaonane ndi adokotala kuno ku Chipata, amavutika ndi msana. Loweruka lapitali anafika misozi ili m'maso. Akuti tayala likangogwera m'dzenje amamva ngati wina wawabaya m'chiuno. Titafika pakhomo sanathe kutsika okha, tinachita kuwanyamula ine ndi mlamu wanga. Madzulo ake anandiuza kuti mwezi wamawa ndisavutike kukawatenga, bola azingomwa mankhwala ali kumudzi. Mawu amenewo sanandigonetse.

Zimene ndikuona ndi izi. Ndikadutsa pa hampu, kumbuyo kumadumpha kawiri katatu kasanakhazikike. Kutsogolo kumanzere kumamveka gu, gu, makamaka pa msewu wafumbi. Tikakwera anthu anayi imakhula pansi. Pa Great East Road thiraki ikandidutsa motoka imayendayenda ngati bwato. Mnzanga wina akuti ndiike ma spacer, tizipangizo toika pa spring kuti motoka ikwere, wina akuti ndiike ma spring a Toyota Noah, winanso akuti ndigule ma shock olimba. Ndalama zanga ndi zowerengeka, sindifuna kuzitaya. Ndiyambire pati?

Jere wa Taxi: Pepani nawo amayi, a Zulu. Ikani ma spacer chabe. Ine pa Corolla yanga ndinaika kutsogolo ndi kumbuyo, ndimayenda Chipata–Lundazi tsiku ndi tsiku, sikhulanso pansi. Ndi yotchipa ngako, ntchito ya theka la tsiku.

Nabanda: A Jere, a Zulu afunsa za msana wa amayi awo. Spacer ikweza motoka, koma kodi ichotsa kudumpha kuja?

Jere wa Taxi: Kudumpha sikuchoka, zoona. Koma kukhula pansi kumatha.

Kondwani Mark X: Madala, ikani ma coilover, shock ndi spring zomangidwa pamodzi, mumachita kusintha nokha kutalika kwake. Muikenso ma rim a 17. Motoka imagwira msewu, pokhota simva kupendeka.

Amalume Phiri: Dikirani kaye ana anga, tisamugulitse munthu katundu tisanaone chimene chafa. Ndagwira sipana zaka zoposa makumi awiri, ndipo motoka zambiri zimene zimabwera eni ake akuti "ndikwezereni" sizifuna kukwezedwa, zimafuna kubwezeredwa mmene zinalili zikutuluka ku fakitale.

A Zulu, mvetsani kagawidwe ka ntchito kunsi uko. Chimene chimanyamula kulemera kwa motoka ndi spring. Shock sinyamula kanthu, ntchito yake ndi kuletsa spring kuti isapitirize kudumpha. M'kati mwake muli oyilo amene amakakamizidwa kudutsa timabowo ting'onoting'ono, ndiye mphamvu ya kudumpha ija imathera pamenepo, imasanduka kutentha. Mwatchula matenda atatu osiyana. Kudumpha kawiri katatu pa hampu, amenewo ndi ma shock akumbuyo, anatha. Kukhula pansi, amenewo ndi ma spring otopa kapena katundu wopitirira muyezo. Phokoso la gu, gu kutsogolo likhoza kukhala stabilizer link, bushi la control arm, ball joint kapena mounting ya pamwamba pa shock, zonsezi ndi zolumikiza mbali ya wilo ku bodi. Chilichonse chili ndi mankhwala ake. Spacer sichiza ngakhale chimodzi mwa zitatuzi, imangobisa chachiwiricho.

Musanapite kwa makaniko aliyense, chitani izi pakhomo panu. Imikani motoka pamalo osalala. Kanikizani ndi thupi lonse pakona imodzi, musiye. Ikakwera n'kukhazikika, shock ilipo. Ikapitiriza kuvina, yafa. Suzumirani kuseli kwa tayala ndi tochi, shock ikakhala yonyowa ndi oyilo ndipo fumbi lamatirira, yatayitsa. Kenako tengani tepi muyeze kuchokera pakati pa wilo kufika pa mlomo wa bodi pamwamba pa tayala, mbali zonse zinayi. Mutiuze manambala.

Zulu wa ku Kapata: Zikomo amalume. Ndichita ndikaweruka.

Mayi Tembo (Katete): Pamene mukudikira zonsezo, a Zulu, amayi mumawakhazika mpando uti?

Zulu wa ku Kapata: Kumbuyo, kuti atambasule miyendo. Komanso ndi ulemu, amakhala ndi mdzukulu wawo.

Mayi Tembo (Katete): Asamukire kutsogolo. Mpando wakumbuyo uli pafupi ndi mawilo akumbuyo, ndiye kugunda konse kumafikira pa iwo. Wakutsogolo uli chapakati, umagwedezeka pang'ono. Ine apongozi anga anathyoka chiuno, ndinkawatenga kupita nawo ku Saint Francis, ndinaphunzira movutika. Mpandowo muupendeketse pang'ono chabe, osati kuugoneka, muike kapilo kakang'ono m'munsi mwa msana, lamba amange. Muziimanso panjira atsike aongoke, ngakhale mphindi zisanu. Izi sizifuna ngwee.

Zulu wa ku Kapata: Amayi, izi sindinaziganizepo n'komwe. Mulungu akudalitseni.

Kondwani Mark X: Koma amalume, ma coilover mwawakana chifukwa chiyani? Anthu amaika dziko lonse.

Amalume Phiri: Sindinawakane, mwana wanga, ali ndi malo ake. Ambiri amene amagulitsidwa a ma saloon amapangidwira kutsitsa motoka ndi kuilimbitsa kuti isapendeke pokhota mothamanga pa tara wosalala. Spring yake ndi yolimba, mpata woti wilo likwere ndi kutsika umachepa. Wekha ukudziwa mmene umadutsira mahampu cham'mbali. Tsopano tenga motoka yotero upite nayo ku Chadiza kapena ku Vubwi mwezi wa February ndi gogo wodwala msana.

Sakala Mphunzitsi: Ndiwonjezere za matayala, chifukwa a Kondwani atchula ma rim a 17. Manambala olembedwa pa tayala amanena zambiri. Tayala la 185/70 R14, limene Allion zambiri za 1.5 zimabwera nalo, m'lifupi mwake ndi mamilimita 185, ndipo khoma lake la m'mbali ndi 70 pa 100 ya 185, kutanthauza pafupifupi mamilimita 130. La 215/45 R17 khoma lake ndi pafupifupi mamilimita 97. Mwataya masentimita atatu a mphira ndi mpweya. Khoma limenelo ndi limene limayamba kumeza dzenje spring isanadziwe n'komwe. Likafupika, nkhonya imapita ku rim, ku ball joint, mpaka kumsana wa munthu. Ndiye chifukwa chake ma rim aakulu amapindika ndipo matayala ake amatupa zotupa m'mbali.

Kondwani Mark X: Aphunzitsi, awiri ndasintha kale chaka chino chifukwa cha zotupazo. Ndinkati ndi matayala oipa.

Sakala Mphunzitsi: Mwina analinso oipa, koma kufupika kwa khoma lake kukuwonjezera vutolo. A Zulu, tsegulani chitseko cha dalaivala, pa chipilala pali kapepala konena mpweya woyenera. Mukayeze m'mawa matayala asanatenthe. Anyamata ambiri opopa amangodzaza mpaka tayala lilire akaligogoda, poganiza kuti akukuthandizani.

Zulu wa ku Kapata: Ndabwera nazo zotsatira. Kutsogolo ndikakanikiza imakhazikika msanga, ngakhale kumanzere kukulira. Kumbuyo mbali zonse ikuvina, ndipo shock yakumanja yanyowa mpaka pansi. Poyeza, kutsogolo manambala akufanana. Kumbuyo kumanzere kwatsika ndi sentimita imodzi ndi theka poyerekeza ndi kumanja. Za mpweya, aphunzitsi munalasa. Kapepala kakunena 2 ndi pang'ono, koma geji ya pa filling station yapeza 3 m'matayala onse anayi. Ndaphwetsa mpaka pa muyezo, ndipo pobwerera kunyumba ndamva kale kusiyana.

Amalume Phiri: Eya, tayamba kuona. Tsopano ndikufunseni, muyankhe zoona. Kumudziko mumabwerako ndi chiyani?

Zulu wa ku Kapata: Nthawi yokolola matumba atatu kapena anayi a chimanga m'buti, nthawi zina ndi nshawa. Popita, mwezi wa November, feteleza. Ndipo pamakhala achibale opempha lifiti, kuwakana n'kovuta.

Amalume Phiri: Ndimadziwa. Ku Japan akamawerengera kulemera kwa motoka yonyamula anthu, munthu mmodzi amamuyesa makilogalamu 55. Anthu asanu ndi 275. Amenewo ndi matumba asanu ndi theka a makilogalamu 50, dalaivala ali momwemo. Inu mukaika matumba anayi m'buti, ndi 200 kale, ndipo onse akhala kuseli kwa mawilo akumbuyo. Onjezani anthu anayi akuluakulu odya nsima. Spring imafinyika mpaka kumapeto, motoka imakhala pa kamphira kotchedwa bump stop, ndiye dzenje lililonse limalowa m'bodi osachepetsedwa. Mukachita zimenezo zaka zinayi, spring sibwereranso pa msinkhu wake. Si kuti Allion ndi yofooka. Ngakhale Probox, imene inapangidwira katundu, malire ake ndi makilogalamu 400 mukakhala anthu awiri.

Jere wa Taxi: Amalume mukunena zoona, koma tinene za moyo weniweni. Ife a taxi tikanyamula anthu anayi chabe, mafuta a ku Lundazi sabwerera. Kumudzi munthu sungamusiye ndi thumba lake pamsewu. Motoka za ku Japan zinapangidwira misewu yawo, ndiye ife tiyenera kuzisintha kuti zigwirizane ndi yathu. Spacer yandipulumutsira kangati sampu, mosungira oyilo pansi pa injini? Mnzanga anaboola sampu pa mwala cha ku Mfuwe, oyilo yense pansi, injini inagwira. Ndalama ya injini ndi ya spacer ndi zofanana?

Amalume Phiri: A Jere, pamenepo sinditsutsa. Sampu ndi yofunika, ndipo inenso ma spacer ndimaika. Koma ndimaika pa motoka imene ma shock ndi ma spring ake ali moyo, ndipo sindipitirira masentimita awiri kapena atatu. Mukakweza kwambiri kutsogolo, ma CV joint, mfundo za pa shafti yozunguza mawilo, amagwira ntchito atapindika, mabuti ake a mphira amang'ambika msanga, girisi amatuluka, mchenga umalowa, posakhalitsa mumva kha, kha, kha pokhota. Motoka yokwera imapendekanso kwambiri. Pa mapiri a Manenekela popita ku Lusaka mumaidziwa bwino nkhani imeneyi. Ndipo mundiyankhe, ma CV mwasintha kangati chiikireni?

Jere wa Taxi: Kawiri. Koma ndimayenda makilomita ambiri.

Amalume Phiri: Mumayendadi. Kwa inu mwina malondawo akupindula, CV ndi yotchipa kuposa injini. Kwa a Zulu cholinga ndi china.

Nabanda: Nanga za ma spring a Noah zija? Amuna anga anauzidwanso zomwezo pa Spacio yathu.

Amalume Phiri: Noah ndi yolemera, yonyamula anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, spring yake ndi yokhuthala. Mukaiika pa saloon, kumbuyo kumaima njo ngati nyerere yolusa. Mukadzaza katundu imayenda bwino, koma mukakhala awiri imagunda ngati ngolo. Kumbuyo kukalimba kwambiri kuposa kutsogolo, pa msewu wa miyala matako a motoka amathawa pokhota. Nthawi zinanso spring sikhala bwino pa mpando wake, anthu amachita kuidula ndi grinder kapena kuiwotcha ndi gasi kuti ilowe. Spring yowotchedwa yafa, tsiku lina idzathyoka. Kwa gogo wodwala msana, ayi ndithu.

Mayi Tembo (Katete): Ndichitire umboni. Hilux yanga yonyamulira soya ndi mpendadzuwa ndinaionjezera leaf imodzi mbali iliyonse. Ikanyamula imayenda mwaulemu. Ikakhala yopanda kanthu mano amachita kuwombana, mpaka ndimasiyamo matumba awiri a mchenga kuti ikhazikike. Pa Hilux ndinavomera chifukwa ndi ya ntchito. Pa motoka yonyamula wodwala sindingayese.

Zulu wa ku Kapata: Ndamva. Ndiye ndigule ma shock akumbuyo ndi ma spring ake enieni. Funso langa, shock yotayitsa ndi imodzi, yakumanja. Sindingasinthe yomweyo chabe, inayo ndidzaone mwezi wamawa?

Amalume Phiri: Ayi. Ma shock amasinthidwa awiriawiri, akumbuyo onse kapena akutsogolo onse. Ma spring chimodzimodzi. Mbali imodzi ikagwira ina ikuvina, mukaponda mabuleki mwadzidzidzi motoka imakokera kumodzi. Ndipo mwanena nokha kuti yakumanzere nayonso ikuvina, yangouma chifukwa oyilo anatha kale. Anthu amaganiza kuti shock ndi ya kukoma chabe. Wilo limene likudumpha siligwira msewu, ndipo pamene lili m'mwamba buleki sigwira kanthu. M'tauni muno njinga zonyamula anthu zili paliponse, mita imodzi imasiyanitsa moyo ndi maliro.

Mwale wa ku Mchinji: Moni akuluakulu, ine ndimawerenga kuchokera tsidya lino. Ndikuchenjezeni za kogula. Chaka chatha ndinagula ma shock pa shopu ina, sinditchula dzina, bokosi lake lolembedwa KYB bwinobwino, mtengo wotsika mokoma. Miyezi iwiri sinathe, onse awiri anatayitsa. Makaniko atawaika pafupi ndi enieni, anga anali opepuka, penti yosenda ndi chikhadabo, nambala inali pa kapepala komata pomwe pa enieniwo inadindidwa pa chitsulo. Anali achinyengo, dzina anangobera. Kuyambira pamenepo ndimapita ndi yakaleyo m'manja, ndimafunsa risiti, ndipo ndimafunsa ngati alandira ikatayitsa. Wogulitsa akayamba kuzemba pa risiti, tulukani.

Sakala Mphunzitsi: Mupitenso ndi nambala ya chassis. Allion ya 1.5 ya zaka zimenezo imayamba ndi NZT240. Musangoti "ya Allion", chifukwa mtundu umene unayamba mu 2007 ndi wina, ndipo za 4WD kumbuyo kwake n'kosiyana ndi kwa yanuyo.

Jere wa Taxi: Nanga a salaula, ochotsedwa pa motoka zophwasulidwa ku Japan? Ine ndimaona ngati amaposa atsopano otchipa.

Amalume Phiri: Pa ma spring ndikuvomerezani. Spring yoyambirira ya Toyota yochoka pa motoka imene sinanyamulepo chimanga ndi yabwino, bola muyeze msinkhu wa ziwirizo ufanane, ndipo isakhale ndi dzimbiri lodya chitsulo, chifukwa kumadera a chipale ku Japan amathira mchere m'misewu. Pa ma shock ndi mwayi. Simudziwa kuti yayenda makilomita angati. Ina imatha zaka ziwiri, ina milungu iwiri. Ngati thumba likulola, gulani atsopano a dzina lodziwika, KYB, Monroe kapena Gabriel, kwa wogulitsa wokhulupirika. Mutenge a gasi wamba, monga KYB Excel-G, amene kulimba kwake kuli pafupi ndi kwa a fakitale. Gasi wa nitrogen amene ali m'katimo amaletsa oyilo kuchita thovu shock ikatentha. Pa msewu wa mabampu ang'onoang'ono otsatizana aja, shock imagwira ntchito kosapuma, ndipo oyilo akachita thovu imaleka kugwira mpaka itazizira. Musatenge olembedwa sport kapena heavy duty. Zija za Old Man Emu ndi Ironman mumamva ndi za ma Land Cruiser ndi ma Hilux opita ku South Luangwa, si za Allion.

Chimodzi ndikupempheni nonse. Kuli anyamata amene amaboola shock yakufa, n'kuthiramo oyilo, n'kuwotcherera bowolo. Musalole. M'kati muli gasi wopanikizika ndi oyilo, moto suyenera kufika pamenepo. Ndipo chimene chinatha ndi ma seal ndi ma valve, oyilo watsopano sabwezera zimenezo.

Nabanda: Amalume, zimenezi zinatichitikira. Tinalipira, sabata imodzi inayenda bwino, kenako oyilo yense anatsikira pa tayala.

Zulu wa ku Kapata: Nanga phokoso lakutsogolo?

Amalume Phiri: Limenelo silichizidwa pa foni. Motoka ikwezedwe pa jeke, makaniko agwire tayala pamwamba ndi pansi aligwedeze, kenako kumanja ndi kumanzere, alowetse chitsulo pa mabushi aone ngati mphira yang'ambika. Inu muime pomwepo muone ndi maso anu chimene chikusewera. Kawirikawiri pa motoka zimenezi ndi stabilizer link, kachitsulo kotchipa. Koma ikakhala ball joint musachedwe nayo ngakhale tsiku limodzi, imeneyo ikazuka wilo limagona pansi motoka ikuyenda. Ngati ndalama zili zochepa, ball joint ndi tie rod end zimayamba, kukoma kumabwera pambuyo. Ndi zomwezonso zimene zingakugwetseni pokatenga fitness ku RTSA, bungwe loyesa motoka ngati zili zoyenera kuyenda pamsewu.

Pomanga muyang'anire ziwiri. Mabawuti a mabushi amangidwe komaliza motoka itatsika, itaima pa mawilo ake. Akamangidwa ili lende pa jeke, mphira imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo imang'ambika miyezi yochepa, inu n'kumati munagula bushi loipa. Chachiwiri, spring imafinyidwa ndi chida chake, spring compressor, osati waya kapena chingwe. Ndinaonapo mnyamata atataya mano ndi spring yothawa, ndipo anachita mwayi. Mukagwira chilichonse kutsogolo, malizani ndi alayimenti, apo ayi matayala adyeka mbali imodzi.

Kondwani Mark X: Mabushi a polyurethane aja ofiira, amalume? Akuti satha.

Amalume Phiri: Amakhalitsa, ndipo sitelingi imamvera msanga. Koma ndi olimba, amalowetsa kunjenjemera m'bodi, ndipo akauma girisi amalira. Kwa iwe angakukomere. A Zulu aike a mphira.

Sakala Mphunzitsi: Ngati pambuyo pa zonsezi mukufunabe kamsinkhu pang'ono, matayala akadzatha mungaganizire 195/70 R14. Amakweza motoka ndi mamilimita asanu ndi awiri chabe, koma khoma limatalikirako. Dziwani kuti sipidomita idzaonetsa liwiro lotsikirapo pang'ono kuposa mmene inkaonetsera, pafupifupi 2 pa 100, ndipo muyese kukhota mpaka kumapeto muone ngati sakukhula. Pogula muonenso manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT pa khoma la tayala. Akalemba 2319, tayala linapangidwa sabata ya 23 ya 2019. Tayala lokalamba limauma ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano, ndipo louma limagunda.

Jere wa Taxi: Ine ndikuti mudzabwerabe ku spacer, a Zulu. Mvula ikayamba, njira zolowera m'midzi zimakumbika pakati pamatsala msana wa ng'ombe. Tidzakambirana mu January.

Zulu wa ku Kapata: Mwina, a Jere. Ndiyambe ndi zakufazi.

Zulu wa ku Kapata: Abale, ndabweranso patapita milungu itatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera, popeza munataya nthawi yanu pa ine. Motoka itakwezedwa tinapeza stabilizer link yakumanzere yatheratu, ndipo bushi lalikulu la control arm mbali yomweyo linali long'ambika theka. Ma ball joint ali bwino. Ndinasintha ma link onse awiri ndi mabushi mbali zonse. Kumbuyo ndinaika ma shock atsopano a gasi, ndi ma spring a salaula a Allion yomweyo. Titaimika ma spring akale ndi atsopanowo pansi, yakumanzere yakale inali yaifupi moonekeratu. Ma bump stop anali atanyenyeka ngati mkate, sindinkadziwa n'komwe kuti alipo, tinaikanso ena. Makaniko ankafuna kumanga mabushi motoka ili m'mwamba, ndinamupempha aitsitse kaye. Anandiyang'ana, kenako anati ndi zoona, amangofulumira. Ma shock akutsogolo ndawasiya, ndalama zinathera pa alayimenti.

Dzulo ndinakawatenga amayi. Poyamba anakana, mlongo wanga ndiye anawanyengerera. Ndinawakhazika kutsogolo ndi kapilo monga ananenera Mayi Tembo, tinaima kawiri panjira, ndipo pa fumbi sindinapitirire 40. Msuweni wanga anabwera ndi matumba awiri a chimanga kuti ndimuperekezere, ndinatenga limodzi, linalo ndinamulipirira pa Canter. Sanakondwe, koma anamva nditamufotokozera. Amayi ululu anaumvabe, msana ndi wodwala ndithu, koma sanalire. Tikulowa m'tauni anandiuza kuti ndiime pa Saturday Market akufuna kuona chitenje cha ku tchalitchi. Anatsika okha atagwira chitseko.

Mayi Tembo (Katete): Ambuye alemekezeke. Muwapatse moni, muwauze kuti a ku Katete akuwapempherera.

Nabanda: Ndawerengera amuna anga uthengawu. Ma spring a Noah aja tawasiya, Loweruka tikayezetsa Spacio.

Kondwani Mark X: Amalume, pa Mark X ndingatsike kufika ma rim a 16?

Amalume Phiri: Ma Mark X ambiri a 250G anabwera ndi 16 kuchokera ku fakitale, pa tayala la 215/60. Ona kapepala ka pa chitseko chako, ndipo uyese rim imodzi kutsogolo uone ngati sikukhudza caliper ya mabuleki usanalipire. A Zulu, ndakondwa. Pakatha milungu iwiri mubwerere kwa makaniko wanu akaonenso mabawuti onse amene anamasula, ndipo muyezenso ndi tepi ija kumbuyo, mulembe manambala penapake kuti chaka chamawa tidzakhale ndi poyerekezera. Ma shock akutsogolo musawaiwale, tsopano kumbuyo kwagwira mudzayamba kuwamva. Mukadzawasintha mugulire limodzi ma mounting a pamwamba ndi timabuti totchinga fumbi, kuti musalipire ntchito kawiri.

Zulu wa ku Kapata: Ndalemba m'kabuku ka m'motoka. Akutsogolo ndikuyembekeza kumapeto kwa mwezi wamawa. Tsiku lina la amayi kwa adokotala ndi pa 14, ndipo anena okha kuti ndikafike m'mawa dzuwa lisanatenthe.

Jere wa Taxi: Mukadzapita pa 14 mundiuze mmene kamtsinje ka pafupi ndi kwanu kalili. Ngati mvula yayamba kukumba, ndili ndi ma spacer a masentimita awiri amene ndinachotsa pa Corolla yakale, mudzawayese kumbuyo kokha amalume akavomera.

Amalume Phiri: Abwere nawo ndiwaone kaye ngati ndi a aluminiyamu kapena a pulasitiki.